Mwana wobadwira mu Harare, agogo ake a ku Dedza: tiyambire pati kuti asewere mpira, ndipo ndi wa Warriors kapena wa Flames?

Malume wa ku Mufakose analemba:

Moni nonse akuluakulu. Nkhani yanga ndi ya mwana wa mchemwali wanga, ndipo poti mwinimbumba ndine, mutu umene ukuwawa ndi wanga. Mnyamatayu anabadwa mu 2010 pa kiliniki ina ya khonsolo muno mu Harare. Amasewera pakati, ndipo oudziwa mpira akuti mwendo ali nawo. Vuto n'lakuti alibe chiphaso cha kubadwa. Tili ndi kapepala ka kuchipatala ndi khadi la kusikelo basi. Mayi ake anabadwira pa famu ina cha ku Mazowe, ndipo pa chitupa chawo panalembedwa kuti ALIEN, kutanthauza mlendo. Bambo athu, malemu, anachokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya. Mayi athu ndi a ku Ntcheu, alipo koma akalamba. Bambo a mwanayu anatisiya, nawonso anali obadwira konkuno.

Tsopano zinthu ziwiri zabwera nthawi imodzi. Kochi wake akuti osankha timu ya dziko la Zimbabwe ya ana osapitirira zaka 17 afunsa za iye, koma popanda mapepala palibe chimene angachite. Komanso kwabwera bambo wina amene akuti atha kupita naye ku Blantyre kuti akayesedwe ku kalabu ina yayikulu, ati za mapepala akonza yekha, ife tingopereka ya basi ndi ina yapamwamba.

Ndiye ndifunse. Mapepalawa tiyambire pati? Akasewerera Zimbabwe ku timu ya ana, ndiye kuti ku Malawi kwatsekeka mpaka kalekale? Ndipo mwiniwakeyo tizimuuza chiyani? Lero akuti ndi wa Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, mawa akanyozedwa pabwalo kuti ndi mubhurandaya, mawu a Chishona onyozera ochokera ku Malawi, abwera atakwiya, akuti iye adzasewerera Flames basi.

aBanda a ku Highfield anayankha:

Achimwene, muyambe ndi mayi wake, osati mwana. Olembera a ku ofesi ya zitupa amatenga za mwana kuchokera pa chitupa cha kholo. Mukathamangira kulembetsa mnyamatayo chitupa cha mayi chikadali ndi mawu aja, mwanayo atuluka nawonso, ndipo mzere womwewo mudzaimanso kachiwiri kuti mukonze.

Mawu amenewo ali ndi mbiri yake. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, anthu anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika wa dziko lina, ndipo olembera anawerengera ngakhale amene sanapondepo ku Malawi, bola kholo lawo linachokera kumeneko. A m'mafamu ndi m'migodi ambiri uthengawo sunawafike n'komwe. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi amene anabweza zinthu. Gawo 43, ndime 2, likuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye anali kukhala muno pa tsiku losindikizalo, pa 22 May 2013, ndi nzika mwa kubadwa. Mchemwali wanu akulowa pamenepo.

Mawu akuti "mwa kubadwa" muwagwiritse. Gawo 42 limalola nyumba ya malamulo kuletsa unzika wa mayiko awiri kwa amene anaupeza kudzera mwa makolo ali kunja kapena mochita kulembetsa, koma osati kwa nzika ya mwa kubadwa, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza zimenezi mu 2013 pa mlandu wa Mutumwa Mawere. Choncho wina akawapatsa mayiwo fomu yofunsira unzika ngati mlendo, kapena akawauza kuti akayambe akana Malawi ku ofesi ya kazembe, asasayine msanga. Afunse kuti chifukwa chiyani sakuwatenga pa gawo 43. Kwa mwana wa mpira kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa ndi kumene kudzamulole kusunga mapasipoti awiri.

Mayi apite ku Civil Registry, kaya ku Makombe Building kapena ku Market Square, atanyamula chiphaso chawo cha kubadwa chachitali chija, chitupa chakale, chitupa cha agogo, chikalata cha imfa ya bambo anu, ndi umboni wa kumene akukhala. Chilichonse chikhale chenicheni pamodzi ndi fotokope yake. Ngati nawonso alibe chiphaso cha kubadwa, monga zimakhalira ndi ambiri obadwira pa famu, ndiye kuti muyambira kumbuyo kwenikweni, ndipo mboni yaikulu ndi agogo aakazi aja. Mwanena kuti akalamba. Musazengereze nazo. Umboni umene gogo angapereke ndi pakamwa pake m'mawa umodzi, akachoka umadzafuna makalata olumbirira, achibale awiri ndi miyezi yambiri.

Chitupa cha mayi chikasintha, mubwere kwa mwana. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42, ndipo chaka chikadutsa kumakhala kulembetsa mochedwa, mafunso amachuluka. Kapepala ka kuchipatala kaja ndiye chuma chanu, musakapinde ndipo musakapereke kwa aliyense kuti akusungireni. Muwonjezere khadi la kusikelo, kalata ya ahedi yosonyeza tsiku lobadwa monga linalembedwera m'kaundula tsiku limene mwana anayamba sukulu, ndi chikalata cha imfa ya bambo ake. Mukafuna kuti atenge dzina la bambo pamene panalibe mtchatho wolembetsa, adzafuna wachibale wa kuchimuna kuti adzavomereze. Akasowa, mwana atha kulembedwa m'dzina la mayi, ndipo mpira sufunsa zimenezo. Mwiniwake apite nawo, chifukwa pa zaka 16 amadinda zala n'kutengeratu chitupa.

Chimene chimawononga kawirikawiri ndi kalembedwe ka mayina. Chishona chilibe l, ndiye Mwale amatuluka Mware, Phiri amataya h wake. Werengani chilembo chimodzichimodzi musanachoke pa kauntala. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane pa chiphaso, pa chitupa, m'kaundula wa sukulu ndi pa khadi la timu. Kukonza pambuyo pake ndi ntchito ina yapayokha.

Akakubwezani popanda chifukwa chomveka, pemphani kuti akulembereni chifukwacho, mupite nacho ku Legal Resources Foundation kapena ku Legal Aid Directorate. Pasipoti ndi yomalizira, imabwera zonsezi zitatha.

Kochi wa ana, Mabvuku, anayankha:

Amalume, za maofesi aBanda amaliza. Ine nditenge funso lanu lachiwiri, chifukwa anthu ambiri akuyendabe ndi lamulo lakale m'mutu.

FIFA imayamba ndi unzika, ndipo umboni umene imalandira ndi pasipoti. Chitupa kapena kalata ya amfumu sizigwira. Munthu akapeza unzika watsopano, ayeneranso kukwaniritsa chimodzi mwa izi: anabadwira m'dzikolo, kapena mayi kapena bambo ake omubereka anabadwira kumeneko, kapena agogo ake, kapena anakhalako zaka zimene lamulo limatchula. Mnyamata wanu ku Zimbabwe akulowera pa kubadwa, ku Malawi akulowera pa agogo a ku Dedza ndi a ku Ntcheu. Mbali ya FIFA, zitseko zonse ziwiri n'zotsegula lero.

Chimene chimamanga wosewera ndi kulowa m'bwalo pa mpikisano wa FIFA kapena wa CAF, ngakhale kwa mphindi imodzi. Kuitanidwa ku kampu sikumanga. Kukhala pa benchi osalowa sikumanga. Masewero opimana mphamvu paokha samanga. Koma apa pali msampha umene makolo ambiri sauona: mipikisano ya COSAFA, bungwe la mpira la mayiko a kumwera kwa Africa, ya osapitirira zaka 17 ndi ya zaka 20 ndi imene imagwiritsidwa ntchito podzigulira malo ku mpikisano wa Africa wa misinkhu imeneyo. Ndiye musaitenge ngati masewero a chibwana a m'chigawo. Akalowa pamenepo, muwerengere kuti wasewerera Zimbabwe mwalamulo.

Kodi ndiye kuti kwatha? Chisanafike chaka cha 2020 yankho likanakhala inde, ngati tsiku limenelo analibe unzika wa Malawi m'manja. Malamulo a 2020 anamasulako. Wosewera amene anangosewera ku matimu a achinyamata, osati timu yaikulu pa mpikisano, atha kusintha ngakhale unzika winawo anaupeza pambuyo, bola masewero ake omaliza a mpikisano anasewera asanakwanitse zaka 21 ndipo ali ndi chomulumikiza ku dziko latsopanolo monga agogo aja.

Ku timu yaikulu ndiye kothina. Akalowa pa mpikisano atavala jezi ya Warriors, kuti adzasinthe pafunika zonsezi pamodzi: anali kale ndi unzika wa Malawi tsiku limene anasewera koyamba pa mpikisano, sanapitirire masewero atatu ku timu yaikulu kuwerengera ndi opimana mphamvu omwe, anali asanafike zaka 21, papita zaka zitatu chisewerereni komaliza, ndipo sanasewere mu ndime yomaliza ya World Cup kapena ya AFCON. Chimodzi chikasowa, basi. Onani mfundo yoyamba ija. Tanthauzo lake n'lakuti ngati banja likufuna kusunga njira ziwiri, unzika wachiwiri upezeke mwana asanalowe m'bwalo pa mpikisano uliwonse wa timu ya dziko, kuyambira ya ana yomwe.

Kusinthako n'kwa kamodzi. Pempho limapita ku FIFA kudzera ku bungwe la dziko limene akufuna kupitako, ndiye kuti FAM ngati akupita ku Malawi, ndipo pamene akudikira yankho saloledwa kusewerera dziko lililonse.

Tsopano za bambo wa ku Blantyre uja. Gawo 19 la malamulo a FIFA a kasamutsidwe ka osewera limaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina. Mipata ilipo yochepa: makolo asamukira kumeneko pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena mwana amakhala pa mtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pa malire ndipo timuyo ilinso chimodzimodzi tsidya linalo, kapena ndi wothawa kwawo, kapena wapita pa maphunziro osinthana. Harare ndi Blantyre palibe mpata umene zikulowamo, pakati pake pali Mozambique yense wa ku Tete. Lamuloli limayang'ana kumene mwana analembetsedwa, osati magazi ake. Ngati dzina lake lili kale m'kaundula wa ZIFA, bungwe la mpira la Zimbabwe, kudzera ku akademe kapena timu ya ana, kupita ku timu ya ku Malawi ndi kusamuka kwa pakati pa mayiko ngakhale atakhala ndi pasipoti ya Malawi. Munthu amene akuti akonza yekha, njira imene ali nayo ndi imodzi: dzina lina, tsiku lobadwa lina, mudzi wongopeka. Mwanayo amasanduka anthu awiri, ndipo tsiku limene timu ya ku South Africa kapena ku Ulaya idzafune mbiri ya kulembetsedwa kwake kuyambira zaka 12, ndi pamene bodzalo limaphulika, iye ali pa msinkhu woti adye thukuta lake.

Mumufunse bamboyo zinthu zitatu: layisensi yake ya FIFA ya uejenti, kalata yoitana mwana yochokera ku timuyo yokhala ndi masiku ndi siginecha ya mlembi, ndi dzina la amene adzasunge mwanayo kumeneko. Kuyambira mu 2023 maejenti amalemba mayeso, ndipo mayina a ovomerezeka amaoneka pa tsamba la FIFA pa intaneti. Ejenti saloledwanso kufikira mwana popanda chilolezo cholembedwa cha womulera. Timu imene ikufunadi wosewera silipiritsa banja lake.

Malume wa ku Mufakose analembanso:

Zikomo aBanda ndi akochi. M'kaundula wa ZIFA mulibe dzina lake, poti analibe chiphaso amangosewera za kusukulu ndi za m'dera. Ndiye ngati agogo akukwanira, tingopita ku ofesi ya kazembe ndi chitupa chawo n'kukatenga pasipoti ya Malawi? Agogowo chitupa chimene ali nacho ndi cha konkuno.

aMwale a ku Dzivarasekwa anayankha:

Ayi achimwene, pamenepo m'pamene anthu amasokonezeka. Akochi sanalakwitse, koma anena za FIFA. Agogo amakwanira ku FIFA munthu akakhala kuti unzika ali nawo kale. Wopereka unzika ndi boma la Malawi, ndipo lamulo lake silowerengera mpaka kwa agogo. Lamulo la unzika la 1966 limati wobadwira kunja amakhala nzika ngati bambo kapena mayi ake ndi nzika ya Malawi mwa kubadwa. Bambo anu anabadwira ku Dedza, ndiye inu ndi mchemwali wanu muli ndi poyambira. Koma mchemwali wanuyo anabadwira ku Mazowe, unzika wake ndi wotengera kwa makolo, ndipo umenewo sutsikira wokha kwa mwana amene wabadwiranso kunja. Mdzukulu amachita kupempha, ndipo woyankha ndi nthambi ya Immigration and Citizenship Services, osati FAM. Chabwino chimene chinachitika n'chakuti kumapeto kwa 2018 nyumba ya malamulo ku Lilongwe inavomereza unzika wa mayiko awiri, koma mukafunse ngati zimenezi zikukhudzanso mdzukulu wochita kupempha.

Ku ofesi ya kazembe muno mu Harare pitani, koma kokafunsa, ndipo munyamule mayankho a mafunso amene adzakufunseni. Kumudzi munthu amadziwika ndi zinthu zitatu: mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kungoti "kwathu n'ku Dedza" sikukwanira. Ndi kwa Kachindamoto, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena kwa Kachere? Ku Ntcheu ndi kwa Gomani, kwa Kwataine, kwa Njolomole? Mukhale pansi ndi agogo, cholembera m'manja, atchule dzina la mudzi, nyakwawa, alongo awo ndi malume awo, mpingo umene anabatizidwira. Mabuku a ubatizo a ku mishoni amathandiza kwambiri pamene mapepala a boma kulibe. Mufufuzenso m'masutukesi akale: pasipoti yakale, khadi la ntchito la ku famu kapena ku mgodi lolembedwa kumene munthu anachokera, makalata ochokera kumudzi okhala ndi adiresi. Kenako pafunika wachibale wamoyo kumudziko amene amfumu angamufunse n'kuvomera kuti inde, uyu ndi mdzukulu wa uje anapita ku Halale uja. Popanda ameneyo kalata ya amfumu ndi yovuta, ndipo yogula ndi imene ikuikani m'mavuto amene akochi anena.

Ndondomeko imene ine ndikuona kuti ndi yanzeru ndi iyi. Mapepala a Zimbabwe ayambe, chifukwa ndiwo ufulu wake wosachita kupempha, ndiwonso amene amulole kulemba mayeso, kulembetsedwa ku ZIFA ndi kuwoloka pa Nyamapanda mwalamulo. Za ku Malawi ziziyenda pambali, mayi wake atsogole. Zimatenga nthawi, ndiye musamuuze mwana kuti Flames ili pafupi.

Ndiwonjezere chimodzi pa zimene mwanena kuti sali m'kaundula. Gawo 19 lomwelo limakhudzanso mwana amene akulembetsedwa koyamba m'dziko limene si nzika yake. Mwana wolembedwa kuti ndi mlendo muno amayenera kusonyeza kuti wakhala m'dziko zaka zisanu mosadukiza asanalembetsedwe. Ichi ndi chifukwa china chokonzera chitupa cha mayi poyamba. Ndipo akangopeza chiphaso, alembetsedwe msanga ku timu kapena akademe yovomerezeka ndi ZIFA. Ndalama zolipira amene anaphunzitsa wosewera zimawerengedwa kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12, ndipo pa ndalama zogulira wosewera kunja, 5 pa 100 iliyonse imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu imene ikudziwa kuti idzapezapo kanthu imamusamala mwana mosiyana ndi imene ikungomubwereka Loweruka.

Kontrakiti ikadzabwera asanafike zaka 18, isapitirire zaka zitatu. FIFA siizindikira yoposa pamenepo.

Mayi Nambewe, mphunzitsi wa zamasewero, anayankha:

Alongo, abambowa akupatsani za mapepala, koma funso lanu lachitatu alidumpha, ndipo kwa ine ndilo lalikulu. Mwana amene akusankha dziko chifukwa chakuti wina wamutukwana pabwalo sakusankha, akuthawa. Ndipo akafika ku Blantyre ndi Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona, akamva kuti "Mzimbabwe uja", kapena mwana wa mtchona. Mumuuziretu zimenezi mosabisa, kuti asamaganize kuti kuli bwalo lina kumene sadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti.

Ayeneranso kudziwa kuti mpira wa muno anthu athu anauumba nawo. Moses Chunga, amene ochemerera Dynamos amamutchulabe mwaulemu, ndipo anakasewera ku Eendracht Aalst ku Belgium, makolo ake anali ochokera ku Malawi. Benjani Mwaruwari anabadwira ku Bulawayo mu 1978 kwa makolo a ku Malawi, anasankha Zimbabwe, anakhala kaputeni wa Warriors, ndipo mu 2008 anamwetsa chigoli pa Old Trafford tsiku lake loyamba kuvala jezi ya Manchester City. Njirayi imayenda mbali zonse ziwiri: Joseph Kamwendo anachoka ku Malawi n'kudzatenga mphoto ya wosewera wapamwamba wa chaka muno mu 2005 ali ku CAPS United, ndipo Kalisto Pasuwa, atapambana ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos, anapita kukaphunzitsa Bullets n'kudzafika pophunzitsa Flames. Mwana akamva mayina amenewa kuchokera kwa malume ake, mawu a pabwalo aja amachepa mphamvu.

Za chipongwecho pachokha, chimafunika kuchikonzekera ngati mmene amakonzekerera penate. Otsutsana naye akazindikira kuti liwu limodzi limamutentha, azilibwereza mpaka atapatsidwa khadi lofiira, ndipo osankha timu amalemba za khadilo, osati za amene anayamba. Agwirizane ndi kochi wake zochita zitatu zosasintha: asayankhe, auze kaputeni kuti akauze oyimbira, ndipo masewero akatha kochi alembe dandaulo kwa oyendetsa mpikisano, kaya ndi a NASH, bungwe la ahedi a masekondale, kapena a ligi ya ana. Kutukwana munthu chifukwa cha mtundu wake ndi mlandu m'malamulo a mpira, oyimbira atha kutulutsa nako munthu. Pophunzira, kochi athanso kumuika m'masewero aang'ono pamene anzake akumuputa dala ndi mawu wamba, iye ntchito yake ikhale kupereka mpira wotsatira molondola. Mphindi ziwiri zotsatira chipongwe ndi zimene mwana amatayamo mutu.

Posankha dziko, musamufunse kuti umakonda kuti. Mufunseni zinthu zogwirika. Ndani akukuona ukusewera sabata ndi sabata? Amene akumuona ndi a muno. A FAM sangaitane mwana amene sanamuonepo pamene ali ndi ana awo ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Pa malo ako pali anthu angati patsogolo pako? Ukavulala, adzakusamale ndani? Asatengekenso ndi zakuti timu iyi ndiyo yamphamvu. Warriors yapita ku AFCON kochuluka kuposa Flames, imene inapita mu 1984, mu 2010 ndi ku mpikisano wa 2021, koma pa 14 January 2022 ku Bafoussam Flames ndi imene inapambana 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango n'kupitirira ndime ya magulu, chinthu chimene Warriors sinachitepo. Mwezi wotsatira FIFA inaimitsa Zimbabwe mpaka July 2023, ndipo ana amene anali pa msinkhu wa timu ya zaka 17 nthawi imeneyo mwayi wawo unadutsa ali pakhomo. Zotere palibe amene amazidziwiratu.

Ine ndikanati asewere kumene aitanidwa koyamba mapepala ake ali oona, poti akochi asonyeza kuti timu ya ana siitseka chitseko. Chisankho chenicheni chidzafika pa timu yaikulu, ndipo pamenepo adzakhala wamkulu woti anene yekha. Pakadali pano sukulu asasiye. Bondo limatha tsiku limodzi, ndipo ngakhale mwayi wa mpira wa ku makoleji a ku America umayamba ndi kufunsa zotsatira za O Level.

Kochi wa ana, Mabvuku, anawonjezera:

Mayi Nambewe, pamodzi pokha ndisiyane nanu pang'ono. Timu ya ana siitsekadi chitseko, koma imachepetsa mpata. Akasewera mpikisano wa zaka 17 alibe unzika wa Malawi, kenako n'kudzalowa ngakhale kamodzi pa mpikisano ku timu yaikulu, njira ya masewero atatu ija sidzamuthandiza, chifukwa imafuna kuti unzika winawo ukhale unalipo tsiku loyamba lija. Ndiye banja lidziwe kuti zikatero, tsiku limene Warriors idzamuitane pa masewero odzigulira malo ndi tsiku losankha kotheratu.

Ndipo amalume, pali chiyeso chimodzi chimene chikubwera polembetsa mochedwa. Wina adzakunong'onezani kuti poti chiphaso chikulembedwa lero, dulaniko zaka ziwiri kuti mwana akhalitse ku timu za ana. Musayerekeze. Pa mipikisano ya CAF ya zaka 17 ana amajambulidwa ndi makina a MRI polumikizira dzanja ndi mkono, kuona ngati fupa lamaliza kukula. Madokotala amaika pa masitepe asanu ndi limodzi, ndipo amene wafika pa sitepe yomaliza, pamene fupa latsekeka, amachotsedwa. Mu November 2020 Zimbabwe, Botswana, Eswatini ndi Comoros zinachotsedwa mu mpikisano wa COSAFA wa zaka 17 chifukwa cha kuyeza kumeneku, timu yonse kubwerera kwawo. Makinawo nthawi zina amagwetsa ndi mwana wa zaka zoona amene thupi lake lakula msanga, ndipo zikatero chimene chimatsala choteteza dzina lake pamaso pa matimu ndi mapepala akale ogwirizana: kapepala ka kuchipatala, khadi la kusikelo lokhala ndi masiku a katemera, ndi kaundula wa Grade 1. Mujambule zonsezi pa foni lero, musunge zithunzizo malo awiri, ndipo zenizenizo muziike m'pulasitiki.

Kwa osankha timu aja, kochi wake awalembere kalata yonena kuti mapepala ali m'njira, aphatikizepo fotokope ya kapepala ka kuchipatala ndi risiti iliyonse imene mwalandira ku ofesi. Mayina a timu amatumizidwa ku CAF masiku angapo mpikisano usanayambe ndipo amafuna nambala ya pasipoti, choncho mufunse tsiku lotsekera, muwerengere chobwerera m'mbuyo kuti muone ngati pasipoti ingatuluke nthawi ilipo. Ikapanda kutheka ulendo uno, wobadwa mu 2010 akadali ndi timu ya zaka 20 patsogolo pake.